Katoni ya Chigayo cha Dizilo

Fereej Bin Omran, Doha
18 February 2018

Wokondedwa mng'ono wanga Maud,

Ndikhulupirira ukudzuka pamodzi ndi alamu ndi ana. Mayi aang'ono ali bwanji ndi miyendo yawo ija? Nanga amalume a Waziri? Ine kuno ndilipo, ndikubaya anthu jakisoni monga mwa masiku onse, koma mutu suli pano.

Msuweni wathu Ajibu wandiuza kuti foni yako inasowa pamaliro, ndiye kalatayi ndaitumiza kukashopu ka a Dauda ku Zomba kuti akusindikizire. Yankho lako uwapatse omwewo anditumizire.

Usandione ngati munthu wouma mtima. Uthenga woti achimwene a Stafford agwa pashopu yawo yowotcherera unandipeza ndili pa shifiti. Ndinathamangira ku ofesi kukapempha livu, iwo akuti inshallah, tiona. Chiyambire pamene maiko oyandikana nafe anatitsekera malire, livu kuno ikuvuta ngati shuga wa nthawi ya njala. Pomwe exit permit, chilolezo chotulukira m'dziko muno, imatuluka n'kuti inu mutabwerako kale kumanda. Ndinalira m'chipinda chosungira mankhwala, kenako n'kusamba m'maso kubwerera kuwodi.

Tsopano tchera khutu, pakuti ichi ndicho chandilembetsa. Pansi pa bedi la achimwene ku Ndirande pali katoni ya sopo yomanga ndi mphira wa tayala. Muli makaseti. Ndikudziwa kuti kwa iwe bandi yathu ya Chigayo cha Dizilo inali phokoso lochititsa manyazi banja, ndipo sunabwereko n'kamodzi komwe kudzaona mchemwali wako nesi akukwapula gitala ya besi. Sindikukuzenga mlandu. Koma m'katoni imeneyo muli Chigayo cha Dizilo chonse, kuyambira 1993 mpaka chaka chatha. Paliponse pamene tinkaimba, achimwene ankaika wailesi ya kaseti kumbuyo kwa holo n'kujambula. Kwina kulikonse mawu awo kulibe. Timavidiyo timene anyamata ankajambula pa foni n'tongothetheka, ungaganize kuti wina akukazinga chimanga.

Makani a munthu uja ukuwadziwa. Ankati nyimbo ikalowa m'kompyuta imafa. Ndinalimbana nawo zaka, mpaka pa livu yanga yomaliza anagonja. Kuno kuli Roy, bambo wa ku Philippines wokonza makina pachipatala pathu, amene ali ndi chipangizo chosamutsira makaseti. Katoni ija inayenera kubwera mu June chaka chatha ndi mayi wina wa geni wodzera ku Dubai. Sabata yomweyo ndege za ku Dubai zinaleka kutera kuno, ndi mkaka womwe unasowa m'mashopu. Ndinati tidikire zinthu zikhazikike, ndipo katoni inabwerera pansi pa bedi.

Choncho pogawa katundu, gawanani mmene amalume anenere, ine sindifunako kalikonse. Katoni yokhayo munthu asaikhudze. Isanyowe, isakhale padzuwa.

Undilembere zonse za pamaliro. Anagona pafupi ndi mayi? Anaimba ndani?

Ndine mkulu wako,
Fyness

*

Domasi, Zomba
11 March 2018

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno. Ana ali bwino, alamu anu ali bwino, mayi aang'ono akuyendera ndodo yawo yomwe ija. Ajibu anatumiza uthenga kuti kwa a Dauda kuli kalata yanu, koma mvula yadula msewu wathu, ndi akabaza omwe sakudutsa. Ndiye ndayamba kulemba ndisanaione, kuti ndikapita kutauni kumapeto kwa mwezi ndikangopereka.

Achimwene tinawaika pafupi ndi mayi. Koma achemwali, zimene ndinaona tsikulo sindinazionepo chibadwire. Ife tinkayembekezera a kutchalitchi ndi anzawo owotcherera zitsulo. Tinangoona malole akutulukira kuchokera ku Blantyre atadzaza anthu ovala zakuda okhaokha, malaya odula manja, ena a imvi, ena tsitsi lofika m'chiuno, amayi ena malamba a misomali. Anthu a m'mudzi anayamba kunong'onezana za satana, ine manyazi kundigwira pamaso pa aphunzitsi anzanga. Chodabwitsa n'chakuti omwewo ndiwo anawaza nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo analira kuposa ife eni maliro. Pakati pawo panali ngakhale m'busa, a Zacharia, amene akuti ankaimba nanu gitala kalekale. Ine sindinkadziwa kuti achimwene anali munthu wa anthu chonchi.

Kumanda, kwaya itatha, woimba gitala wanu Chiku anapempha amalume kamphindi. Anatenga chitini chakale, n'kuchimenya ndi ndodo, kenako n'kukuwa kuti "Hoyaaa-hoo!" ndi mawu ang'ambe ngati akuphedwa. Ana anathawa, amayi a kwaya mabuku kugwa m'manja. Mayi aang'ono, amene anali chete tsiku lonse, anaimirira opanda ndodo n'kuyamba kulira mokweza, kuitana dzina la achimwene. Ine ndinaganiza kuti achita mantha, ndipo ndinawatengera kumthunzi.

Loweruka lathali tinaoloka mtsinje wapansi kupita ku Ndirande kukagawa katundu, popeza malemu sanasiye mkazi kapena mwana. Ku Zomba tinadutsa m'bandakucha n'kubwerera usiku, kwa a Dauda kuli kotseka. Dziwani kuti ndinakumenyerani nkhondo. Anthu ankati amene ali kunja safuna kanthu, ine ndinati ayi, wosowapo ndiye amayamba kupatulidwira chabwino. Sofa ndi yanu, firiji ndi yanu, ndi suti ija sanaivalepo. Ajibu anangoti kakaka pa ng'oma ndi zokuzira mawu, akuti n'za gulu, mpaka kukangana ndi bambo ake, amalumewo, n'kukathera panja. Mayi aang'ono anakana bulangete, anakana mapoto, anangopempha chikatoni cha makaseti akale chimene tinachipeza pansi pa bedi. Tonse tinaseka, pakuti ndi wailesi yomwe alibe. Amalume anati tengani, mwatichotsera zinyalala.

Mutiuzeko za kumeneko. Tikumva kuti ng'ombe zikubwera pa ndege, n'zoona?

Ndine mng'ono wanu,
Maud

29 March. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira pa kauntala ya a Dauda. Mayi ine, ndiyambire pati? Mpunga wa mayi aang'ono wayamba kutulutsa ngala, ndipo mpheta chaka chino zachuluka. Makaseti aja anawaswa ndi mwala, ulusi wake n'kuukoka pamabango kuzungulira munda wonse, monga anthu amachitira kuno poopseza mbalame. Mbali ya kumtsinje ndinawathandiza kumanga ndine.

*

Doha
30 March 2018

Maud,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma za moyo wa anthu lero sindifunsa.

Kalata yako ndaiwerengera m'basi ya kuntchito. Mnzanga wa ku Kerala anachita kundigwira phewa kufunsa ngati kwagwanso maliro. Ndinamuyankha kuti eya.

Sofa? Ndikuuza za mawu a mlongo wathu, iwe ukundiuza za sofa? Ndiikwezere pa ndege iti, ndidzaiike pati m'kachipinda kamene tikugonamo manesi atatu? Iwe ndiwe mphunzitsi, umawerenga. Pa makasetiwo panali zolemba za achimwene, dzanja lawo ukulidziwa. Unagwira ulusiwo ndi manja ako n'kumamanga pabango osafunsa n'komwe kuti kodi muli chiyani?

Za mayi aang'ono ndiye ndisanene. Nkhalamba yosadziwa kanthu yaswa mwana wa mkulu wake ndi mwala pofuna kupulumutsa mpunga wosadzaza ndi nkhokwe yomwe. Akanandiuza, bwenzi nditawatumizira zingwe zonyezimira zodzaza thumba. Achimwene mwawaika m'manda kawiri, ndipo kachiwirika mwachita mukuseka.

Ndamuonetsa Roy chithunzi cha kalata yako n'kumumasulira. Anavula magalasi n'kukhala pansi. Akuti ulusi wa kaseti ukhoza kupirira pang'ono, koma dzuwa ndi mame zimadya mawu tsiku ndi tsiku. Ndiye imva. Ndamutuma Ajibu akatenge kalatayi kwa a Dauda abwere nayo yekha. Tsiku lomwelo muchotse ulusi wonse. Osakoka, osatsuka, osapinda. Mukulunge pang'onopang'ono n'kuika pamthunzi. Mbalame zidye, khalas monga amanenera kuno, basi, mpunga ndigula.

Kalatayi ndi yako wekha. Usawawerengere anthu.

Fyness

*

Ndirande, Blantyre
9 April 2018

Mkazi wanga wa ku Arabu,

Moni msuweni. Ndikulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikukudziwa, ungandidule ndisanafike pakati. Kuno tilipo, bambo akudandaula msana, ng'oma zili kwanga ndipo palibe wazikhudza.

Poyamba za ine. Katoni ija ndinkadziwa kuti inapita kale kwa iwe. Stafford anandiuza yekha chaka chatha kuti yapita, kumene kunali kufuna kuti ndileke kumuvutitsa. N'chifukwa chake tsiku logawa katundu ndinali panja kulimbirana ng'oma, osadziwa kuti m'nyumba mukutuluka chinthu chenicheni.

Kalata yako ndinakafikitsa Loweruka. Koma iwe Fyness, zaka zinayi zokha ku Doha waiwala za kwanu? Kalata yochokera kunja pakhomo paja satsegulira kuseri, kuopa kuti ena anganene kuti wabisa kanthu. Maud anaitana onse pakhonde, azakhali a Jemimah, mayi ako aang'onowo, atakhala pamphasa patsogolo penipeni. Anaing'amba envulopu pamaso pathu n'kuyamba kuwerenga ndi mawu ake a m'kalasi aja. Atafika pa nkhalamba yosadziwa kanthu anafuna kudumpha, koma azakhali anati werenga zonse, usameze. Mzere wako woti asawerengere anthu unali womaliza, ndiye unamveka onse atamva kale. Azakhali anangoti, "Kachotseni, ndi zake."

Ndinapita kumundako ndekha. Msuweni, ndaona zinthu pa moyo wanga, koma ichi sindinachionepo. Munda wonse ukung'anima, ulusi kuchoka bango ili kupita bango ilo, ndipo mphepo ikawomba ukulira chapansipansi ngati sipika imene mwaiyatsa musanayambe kuimba. Zikamba za makaseti azakhali sanataye, anazipachika pamabango kuti zizigundana. Zolemba za Stafford zikuonekabe.

Bango loyamba ndinawerenga 1993, Kuseri kwa Shopu. Ukukumbuka? Jekete ya pakaunjika imene Stafford anagula ku Limbe, m'thumba mwake muli kaseti yopanda dzina. Mbali ina tinyimbo taukali totha usanapume, mbali ina magitala olemera othamanga ngati sitima yopanda mabuleki. Mkulu uja anati azungu awa akutha, ifenso tiziimba chonchi, zonse ziwiri pakamodzi. Besi yako yoyamba anakuwotcherera yekha, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, zala zako kutuluka magazi iwe uli kusukulu ya unesi. Ndi mayi uja wa kuseri amene anabwera ndi lichero la chimanga kudzafunsa ngati tatsegula chigayo cha dizilo, osadziwa kuti watipatsa dzina.

Ndinapitirira. 94, Holo, tsiku lija woyang'anira anatizimitsira magetsi, ife n'kumaliza ndi ng'oma ndi kukhosi kokha, anthu osachoka. 2002, Njala, pamene tinaimba pamzere wa chimanga apolisi n'kutithamangitsa mpaka kumtsinje wa Nasolo. Kaseti yomaliza ya mnzathu wa m'bandi Dumisani asanamwalire. Tsiku limene Zacharia anatsanzika kupita ku ubusa, Stafford n'kumupatsa gitala kuti akaimbire Mulungu mwaukali. Kubwera kwa Chiku. Kutsanzikana nawe mu 2014. Ndinazungulira munda wa azakhali, ndipo pobwerera pamene ndinayambira n'kuti ndayenda moyo wathu wonse, matope ali m'mawondo.

Ndinagwira ulusi umodzi kuti ndiyambe kumasula. Utoto wake wofiirira unatsalira m'zala zanga. Nditakweza maso ndinaona mpheta zili mbuu m'mabango a kumtsinje, zikungodikira. Mpunga uli pa mkaka, ndi faya wabwino, ndipo ndi wokhawo umene azakhali adye chaka chino. Kuti ugula ndamva, koma ukuwadziwa, mpunga wa m'sitolo sangaulandire atamva mawu aja. Ndinalephera, msuweni. Ndinabwerako osachotsa ndi umodzi womwe.

Undikwiyire, ndazolowera. Unkandikwiyira kale ndikathamangitsa nyimbo.

Mwamuna wako wosakulipirira kanthu,
Ajibu

*

Doha
11 April 2018

Ajibu,

Moni. Ndawerenga, ndabwerezanso. Sindinadye dzulo.

Mawu aja ndinalembera Maud, osati khonde lonse, komabe ndinalemba ndine. Munthu amene analera achimwene ndi Maud mayi atamwalira, ine n'kumutcha dzina limene lija. Ndikuchita manyazi ngakhale kuyang'ana odwala okalamba m'wodi.

Ulusiwo usiyeni mpaka akolole. Chimene chatsala chidzatsala. Chonde pita nayo kalatayi msanga, ndipo iyi yokha muiwerenge pakhonde, mokweza. Muwauze mayi aang'ono kuti mwana wawo walakwa.

Fyness

*

Domasi, Zomba
6 May 2018

Mwana wanga Fyness,

Ndine mayi ako aang'ono. Akulemba ndi Maud, ndipo ndamuuza alembe mmene ndikunenera, asakonze. Uli bwanji kudziko la eni? Akuti kumatentha mpaka nsapato kusungunuka, uzimwa madzi. Mawu anga asasa, moti Maud akuchita kuwerama kuti amve.

Kalata yako yachiwiri Ajibu anabwera nayo mwezi utatha, ntchito inamugwira. Inapeza nditachotsa kale. M'mawa mwake mwa tsiku limene anawerenga yoyamba ija ndinalowa m'munda, ndipo ndinachita monga unanenera, osakoka, osatsuka. Ndinakulunga pa zitsononkho, chifukwa ndi zimene ndinali nazo. Zinanditengera masiku. Nditatha ndinakwera pansanja ndekha ndi chitini, kukuwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mpheta sizimuopa munthu wokalamba, mwana wanga. Zinadya, koma sizinamalize, usadandaule.

Zoti ndine nkhalamba n'zoona, sindikukana. Koma unati sindinkadziwa chimene ndinkaswa. Apo pokha ndiye ndikuyankhe, chifukwa ndinkadziwa.

Mayi ako atamwalira, amalume ako anakutenga iwe kupita nawe ku Ndirande usanayambe ndi sukulu yomwe. Ine ndinatsala ndi Stafford, Maud ali kumsana. Mnyamata uja khasu ankadana nalo, ukamutuma kumunda ankabisala. Koma ikafika nthawi ya mbalame, ankadzuka yekha ndisanamudzutse. Ankakwera pansanja, munda womwe uno, n'kumenya chitini, n'kukuwa mpaka a tsidya la mtsinje kumva. Anthu ankabwera kudzandipempha kuti akawakuwireko kwawo. Zaka zonse zimene anali pano sindinadyetsepo mpunga mbalame. Atakula anapita kutauni, ndipo ndinkangomva kuti amaimba zachizungu zosamveka. Sindinafunse, naye sanandiuze.

Tsiku la maliro, mnyamata uja wa tsitsi atamenya chitini n'kukuwa, Maud akuti ndinachita mantha. Sanali mantha. Kunali kukuwa kwa mwana wanga wa pansanja, kosasintha ndi pang'ono pomwe, kukutuluka m'kamwa mwa mlendo. Ndinamuitana pambuyo pake kumufunsa kuti wakutenga kuti. Anati umu ndi mmene Stafford ankatsegulira kuimba kulikonse, chiyambire. Ndiye kuti zaka zonsezi, m'maholo a ku Blantyre, ankaingitsa mbalame za m'munda mwanga, ine osadziwa.

Ku Ndirande nditaona katoni ndinamufunsanso mnyamatayo kuti muli chiyani. Anati muli mawu a Stafford. Ine wailesi ndilibe, ndipo anthu anati makina oimbira zimenezi anatha kalekale. Ndinati ngati palibe womumvanso, abwerere kumunda kwake akandilondere mpunga monga kale. Pomanga ulusi uja ndinkayankhula naye. Sindinadziwe kuti ku Arabu kuli makina otha kumutulutsa. Ndikanadziwa, ndikanakusungira, chifukwa inenso ndikanafuna kumumva.

Yasin, mwana wa a Mwanjuma wa kuseri kwa msika amene amalondera hotela kwanuko, ali kuno pa tchuthi. Abwera nazo zitsononkho zonse. Ndaikamonso kampunga pang'ono, uphike.

Za kukhululuka usavutike nazo. Mwana akalira amaponda pena paliponse.

Mayi ako aang'ono,
Jemimah

*

Fereej Bin Omran, Doha
21 September 2018

Okondedwa mayi,

Ndagwada pansi polemba kalatayi. Mwadzuka bwanji? Mawu anabwerera? Maud, iyi uwerenge pakhonde, ndipo usathamange.

Yasin anafika bwino, ngakhale anazungulira ku Addis Ababa. Pabwalo la ndege anamutsegulitsa chikwama, ndipo akuti anasonkhana anthu a yunifolomu kudzaona zitsononkho zokulungidwa ulusi wakuda. Anamufunsa ngati ndi mankhwala. Iye anati ayi bwana, ndi nyimbo. Anayang'anana, n'kumuuza kuti yalla, pita.

Ndinapita nazo kwa Roy ku Al Asmakh, kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala. Munthu uja amakonza makina oonera m'mimba mwa anthu osanjenjemera, koma atatsegula thumba lanu anagwira kumutu. Lachisanu lililonse, tsiku lathu lopuma, takhala tikumasula chitsononkho chimodzichimodzi, kupukuta ndi thonje, kulumikiza, kukulunga m'zikamba zatsopano. Mayi, munakulunga bwino kuposa mmene ndikanachitira ine. Roy akuti palibe pamene munadula.

Koma ndisakunamizeni, zambiri zinapita. Tikayatsa timangomva ngati mvula pa malata. Pena ng'oma za Ajibu zimatulukira patali n'kumiranso. Pena theka la nyimbo ya 1996 lalumikizana ndi ya 2010, Dumisani akuimba limodzi ndi Chiku, anthu amene sanaonanepo. Roy atamvetsera tizidutswato anati nyimbo zathu zili ndi dzina, ndi kusakaniza hardcore punk ndi thrash metal, ndipo kunja anthu anazichita mwadala. Nditamufotokozera za kaseti ya m'jekete anaseka mpaka kutsamwa. Akuti mosakayika anali magulu awiri osiyana, wina anangowajambula pa kaseti imodzi. Ife zaka zonsezi tinkadziwa kuti ndi gulu limodzi. Ndinalakalaka achimwene akanamva, ngakhale ndikudziwa akanakana.

Lachisanu lapitali tinafika pa chitsononkho china chimene ulusi wake unali wakudabe bwino. Mwina ndi umene munamanga pansi pa udzu wa nsanja. Roy anayatsa. Kunamveka anthu akusokosera m'holo, kenako chitini, kenako iwo. "Hoyaaa-hoo!" Mawu onse athunthu, ngati aima pakhomo. Ng'oma zinalowa, besi yanga inalowa, anaimba mizere ingapo, basi mvula ija n'kubwereranso. Sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe.

Mayi, ine ndaima kumbuyo kwa kukuwa kumeneko zaka zoposa makumi awiri. Ndinkaganiza kuti anakutenga kwa azungu a pa kaseti ija. Roy anandifunsa kuti anaphunzira kwa woimba uti, chifukwa sanamvepo wina akutsegula choncho. Ndinamuuza kuti kwa mpheta za ku Domasi.

Mnzake wa Yasin akubwera mwezi wamawa. Ndamupatsa kawailesi kotchajira dzuwa, mkati muli kakhadi, ndipo pakakhadipo pali kachidutswa kameneka kobwerezabwereza. Batani lake ndi limodzi, lofiira. Chaka chino musakwerenso pansanja kukakuwa nokha. Mwini ntchito wabwerera.

Mpunga wanu ndinaphika theka. Theka linalo ndikungolisunga.

Ndine mwana wanu,
Fyness

*

Domasi, Zomba
14 April 2019

Okondedwa achemwali,

Moni kuchokera kwa tonse. Tamva kuti livu yanu yavomerezedwa ya mu July, ndipo ana ayamba kale kuwerengera. Foni ndinagula, koma nkhani iyi ndafuna ikhale papepala. Mutiuze tsiku lenileni kuti Ajibu akakuchingamireni ku Chileka. Akuti iye ndi Chiku akufuna muimbe kamodzi pa chiliza, ndipo nthawi ino ndidzakhala kutsogolo, ngakhale ndidzatseke makutu.

Mpunga wa mayi aang'ono uli pa mkaka. Tsiku loyamba kuyatsa kawailesi kaja ndinali pomwepo. Achemwali, mukanaona! Mpheta zinadzuka munda wonse nthawi imodzi, kumwamba kuchita mdima, ndipo bambo wina wachikulire wa tsidya lija anaoloka mtsinje ndi zovala kudzaona, akuti wamva mwana wa a Jemimah. Anthu anasonkhana pamzere wa munda kudzamvetsera.

Koma mbalame si zopusa. Patapita masiku zinazolowera. Tsopano achimwene akukuwa, izo zili phee pa ngala, zina mpaka kutera pansanja pomwepo. Alamu anu amanga zitini ndi mapepala a pulasitiki, ndipo ana akumapita akaweruka kusukulu, ndiye mpunga tipulumutsako.

Dzulo ndinawapeza mayi aang'ono atakhala pansi pa nsanja, kawailesi kali pamiyendo, kakungobwereza. Ndinawauza kuti azimitse asunge moto, popeza mbalame sizikuthawanso. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Zisiye zidye. Ine sindiyatsira mbalame."

Ndinakhala nawo pansi pomwepo mpaka batire linatha.

Ndine mng'ono wanu,
Maud